Ulendo wa ku Islay, kotsatira utsi wa m'botolo

Lolemba, Glasgow mpaka Port Ellen

Basi ya ku Campbeltown imanyamukira pa Buchanan Bus Station, ndinafikapo kudakali mdima, majekete awiri pathupi, chikwama kumsana, ndi mabanzi omwe ndinagula dzulo poopa mitengo ya panjira. Abale ena andifunsa kale pa WhatsApp kuti iwe ku chilumba chozizira cha Islay chimenecho mwezi wa Okotobala ukukatani, nde ndiyankhe pano kamodzi. Ndisanabwere kuno ku Scotland ndinkagwira ntchito ya pa bala pa hotela ina ku Mangochi, ndipo pa shelefu yapamwamba panali botolo la wisiki wa ku Islay wotchedwa Lagavulin, wa zaka 16. Toti imodzi mtengo wake unkaposa malipiro anga a tsiku, sitoko ankawerenga usiku uliwonse, kotero kulawa kunalibe, koma ndikatsegula chitsekerero fungo lake linkandikanirira ku zala mpaka kunyumba. Utsi, koma utsi wachilendo, wonyowa. Kuno ndalawako, koma funso lomwe lakhala likundisowetsa mtendere ndi lakuti zaka 16 zimenezi zimatani kwenikweni mkati mwa mgolo.

Msewu ndi wautali kuposa mmene mapu amaonetsera. Umatsata Loch Lomond, kukhota pa Tarbet, kenako kukwera phiri la Rest and Be Thankful komwe ayala maukonde achitsulo m'mbali mwa phiri kuti agwire miyala ikamagumuka nthawi ya mvula. Ndinayang'ana maukondewo kamodzi basi, kenako maso pa mpando wakutsogolo. Pa Inveraray tinaima pang'ono, anthu kuthamangira khofi ndi chimbudzi, kenako Lochgilphead, Tarbert, mpaka Kennacraig patatha maola atatu ndi kanthu. Pa Kennacraig palibe tauni ayi, ndi doko chabe, kachipinda kodikirira ndi mzere wa malole.

Tikiti ya sitima ya munthu wapansi sinafike £10, zomwe zinandidabwitsa poti basi yandidya kuposa pamenepo. Anatiuza kuti kaamba ka mphepo sitikocheza pa Port Ellen koma pa Port Askaig, mbali ina ya chilumba. Titatuluka m'khwawa la nyanja kulowa pamtetete sitima inayamba kupendama, makapu kutsetsereka pa tebulo, ine mtima m'mwamba, makaroni a tchizi omwe ndinagula ndangowayang'ana. Bambo wina woyendetsa lole anaona nkhope yanga, anandiuza kuti ndituluke panja ndiziyang'ana phiri lomwe silikusuntha, ndipo anaima nane konko mphepo ikutimenya. Iye amanyamula mowa wongotchezedwa kumene mu thanki kupita nawo kumtunda. Akuti wambiri wa ku fakitale ya Caol Ila umachoka pachilumba usanaone mgolo nkomwe, umakakalambira ku nyumba zosungira za kumtunda. Nkhani imeneyi ndaisunga, ndiifuna mawa kapena mkuja.

Kuchoka Port Askaig kabasi kakang'ono kudutsa Bridgend ndi Bowmore, kenako msewu wowongoka ngati aujambula ndi rula, koma wodumphitsa poti anauyala pamwamba pa dambo. Uku ndi uku dothi lakuda bii, lodulidwa mizere. Ndiye peat ameneyo, zomera za m'dambo zomwe zakhala zikuwolerana kwa zaka masauzande, akuti amakula pafupifupi milimita imodzi pachaka. Ndafika pa Port Ellen kutada, ndatopa zedi, mayi a nyumba yomwe ndagona andipatsa supu ndisanapemphe.

Lachiwiri, Laphroaig

Port Ellen yonse imanunkha utsi mphepo ikatembenuka, poti pali fakitale yaikulu ya chimera yomwe imapangira chimera mafakitale ena a wisiki pachilumba pano. Kuchokera pa tauni pali kanjira ka apansi ndi njinga kolumikiza mafakitale a Laphroaig, Lagavulin ndi Ardbeg, makilomita asanu ndi kanthu mpaka kumapeto, nde simufuna galimoto. Nkhosa kumanzere, nyanja kumanja, aliyense wodutsa pa galimoto kukweza dzanja ngati amakudziwa. Poyamba ndimacheuka kuona ngati akupatsa moni wina kumbuyo kwanga.

Laphroaig inayamba mu 1815 ndipo ndi imodzi mwa zochepa zomwe zimapangabe gawo la chimera chawo pamanja. Barele amamunyika m'madzi, kumuyala pansi pa simenti mchipinda chachikulu chotsika denga, kumamutembenuza kwa masiku angapo mpaka atulutse timizu, basi chimera chapsa. Kenako amachikweza pamwamba pa ng'anjo chidakali chonyowa, pansi akusonkha peat, osati kuti ayake lawi koma kuti afuke. Chimera chonyowa ndi chomwe chimagwira utsi, chikauma sichilandiranso. Anatilola kulowa mchipinda cha pamwamba pa ng'anjocho, maso anayamba kuyabwa pompo, ndipo fungo lomwe linandilandira linali lija la ku zala zanga ku Mangochi, lenileni, koma laliwisi, lopanda ulemu. Ndinatafuna njere zingapo zomwe anatigawira, kunja utsi, mkati kutsekemera.

Zotsatira zake munthu wa kwathu sangasochere nazo. Amapera chimera, kuthira madzi otentha kuti shuga atuluke, kuthira yisiti, pakatha masiku awiri kapena atatu pali mowa wamasese wa mphamvu ya 8 peresenti kapena apo, kenako kutcheza kawiri m'miphika ikuluikulu ya kopa. Nditaima pamenepo ndinakumbuka azakhali anga ku Ntcheu akutcheza kachasu kuseri kwa nyumba, mphika pamoto, mpope kudutsa m'madzi ozizira, botolo kumapeto likulandira madontho. Nzeru yake ndi imodzimodzi. Kusiyana ndi kwakuti kwa azakhali woyamba kutuluka uja ndi amene amuna ankalimbirana, pomwe kuno woyambayo ndi womaliza amawabweza mumphika, amangotenga wapakati, ndipo amaonera mu kabokosi kagalasi ndi mkuwa kokhoma ndi loko, kotsalira kuyambira masiku omwe anthu a msonkho ankasunga kiyi. Ndiye kwa azakhali nkhani imathera pomwepo, mowa wagulidwa usanazizire. Kuno mpamene ikuyambira.

Wongotchezedwa kumeneyo ndi woyera ngati madzi. Malamulo a dziko lino salola kuti atchedwe Scotch whisky asanagone mu mgolo wa mtengo wa oak zaka zitatu, mkati mwa Scotland, ndipo single malt ndiye kuti barele yekha, fakitale imodzi. Nambala yomwe mumaona pa botolo ndi zaka za mgolo wamng'ono pa onse omwe asakaniza, osati wamkulu.

Laphroaig wa zaka 10 ndi wa anthu olimba mtima. Akangofika pamphuno ndi mankhwala a pachilonda, bandeji, phula, ndere za m'nyanja zowola pagombe, ndipo mayi wina wa ku Germany yemwe tinali naye anabweza tambula yake osafuna kumva zambiri. Ine ndinamukonda koma amalankhula mokuwa, mawu amodzi okhaokha, kutsekemera kwa vanila kumangosuzumira kumapeto. Pakhoma pali chithunzi cha Bessie Williamson, mayi yemwe anabwera mu 1934 kudzagwira ganyu ya utayipisiti miyezi yochepa, mwini wake Ian Hunter pomwalira mu 1954 anamusiyira fakitale yonse, ndipo anaiyendetsa mpaka 1972. Ndinaima pa chithunzicho nthawi yaitali kuposa anzanga.

Pobwerera mvula yandipeza panjira, ambulera kuno ndi yopanda ntchito poti mvula imabwera chammbali. Fishi ndi tchipisi £14, zodula koma nsomba yake inali yaikulu kuposa mbale.

Lachitatu, Lagavulin

Usiku sindinagone bwino, mphepo imaliza zenera, komanso ndinali ndi kamantha kena kakuti mwina ndikafika ndikapeza kuti zonse ndi malonda chabe, nambala yongokwezera mtengo. Mayi a nyumba anali ataumitsa nsapato zanga pafupi ndi chitofu, ataikamo nyuzipepala, osandiuza.

Lagavulin ili mu kagombe kakang'ono, makoma oyera, dzina lolembedwa zilembo zakuda zikuluzikulu moyang'ana kunyanja kuti sitima zakale zizidziwa pokocheza, ndipo patsidya pali mabwinja a linga la Dunyvaig pomwe mafumu a zilumbazi ankasunga mabwato awo. Chilolezo anatenga mu 1816, koma kutcheza mobisa kunayamba kale pamenepo. Ndinalipira zolawa za m'nyumba yosungira migolo, ndalama yoti kwathu ndi thumba la feteleza ndi chenji, ndipo sindikudandaula.

Mnyumbamo mumazizira kuposa panja, pansi ponyowa, mpweya wake wokha ndi wotsekemera moti umamva ngati wamwa kale. Bambo wachikulire yemwe wagwira ntchito pamenepo moyo wake wonse anatikhazika pa mabenchi, akutunga mu mgolo ndi chimpope chakopa. Anatiyambitsa ndi wa zaka 8, yemwe anamutulutsa koyamba mu 2016 pokumbukira zaka 200 za fakitaleyi. Mtundu wake wotuwa ngati udzu wouma, 48 peresenti. Pamphuno utsi uli patsogolo penipeni, phulusa, kenako ndimu, pakamwa tsabola, amaluma m'mbali mwa lilime ndipo akangotsika wapita, kusiya phulusa lokha. Ndi wokoma, ndisaname, wamoyo, wothamanga.

Kenako wa zaka 16, 43 peresenti. Apa ndilembe mofatsa poti ndi chomwe ndinadzera. Mtundu wake ndi wofiirira, koma mtundu musamaukhulupirire kwambiri poti lamulo limalola kuthira kashuga kowotcha kokometsera maonekedwe. Mphuno ndiye siinama. Utsi ulipo, wambiri, koma wabwerera kumbuyo, wasiya kukhala phulusa, wasanduka ngati wa moto wadzulo womwe walowerera m'matabwa ndi m'zovala, ndipo chifukwa wabwerera kumbuyo zinthu zina zapeza mpata wotulukira. Masamba a tiyi ouma, chikopa chakale, mphesa zouma, kamchere, kenakake ngati khungu la lalanje lomwe lagwera pamakala. Pakamwa sakuluma, ndi wolemera, wamafuta, amayenda pang'onopang'ono, kuyamba ndi kutsekemera kenako kuuma, kenako utsi uja kubweranso kuchokera kukhosi utameza kale. Ndinayang'ana wotchi mwadala, panatha mphindi zingapo ndikumumvabe. Bambo aja anati tidonthezemo madzi pang'ono, madontho awiri atatu basi, ndipo zoonadi fungo linatseguka, zipatso zinakwera pamwamba.

Ndinawafunsa kuti bambo, mowa womwewo, chimera chomwecho, miphika yomweyo, chasintha nchiyani. Anandiyankha kuti mgolo umachita zinthu zitatu, umapereka, umachotsa, komanso umapuma. Kupereka ndiye vanila, kutsekemera ndi mtundu zochokera m'thabwa. Migolo yambiri kuno ndi yogwiritsidwa kale ntchito ku America, poti lamulo la kumeneko limati wisiki wawo wotchedwa bourbon azigona mu mgolo watsopano wowotchedwa mkati, nde akamaliza amaigulitsa kuno, pomwe ina ndi yomwe munali vinyo wa sherry wa ku Jerez ku Spain, imeneyo ndi imene imabweretsa mphesa zouma ndi mtundu woderapo. Kuchotsa ndiye makala a mkati mwa mgolo aja, amayamwa fungo loipa la salufa lomwe mowa watsopano umakhala nalo. Kupuma ndiye kwakuti thabwa silitseka mpweya, umalowa pang'onopang'ono, mowa nawo umatuluka, pafupifupi 2 peresenti chaka chilichonse. Tawerengani nokha, pa zaka 16 kuposa kota ya mgolo yapita mumlengalenga, palibe waimwa, palibe waigulitsa. Ndipo poti kuno nkonyowa ndi kozizira, mphamvu ya mowa imatsika ndi zaka, amathira mu mgolo uli pa 63.5 peresenti, ndipo ukakhalitsa mpaka kutsika pansi pa 40 suloledwanso kutchedwa wisiki.

Kwathu ambiri timaganiza kuti mowa wakale ndiye waukali kwambiri, alendo ena pa bala ankanenanso choncho. Ayi ndithu. Wakale ndi amene ukali wamuchoka, ndipo ndalama yomwe umalipira mbali yaikulu ndi ya zomwe zinatayika panjira, mowa womwe unauluka, utsi womwe unafatsa, ndi malo omwe mgolo unakhala osabweretsa khobidi.

Womaliza anatitungira mu mgolo wa zaka zoposa 20. Apa gulu lonse linakhala chete. Utsi unali kutali kwambiri, patsogolo panali sera, uchi wakuda, fodya wa m'chigafa, ndi kuwawa pang'ono kwa thabwa kumapeto kwa lilime. Anzanga onse anati ameneyu ndiye mfumu. Ine ndinamulemekeza, koma mtima wanga unatsalira pa wa 16, poti mmenemo utsi ndi thabwa zikadali kukokana, palibe wagonja, pomwe mwa wamkuluyu thabwa layamba kupambana ndipo Islay weniweni wayamba kuzimiririka.

Oyendetsa galimoto amawathirira mu timabotolo kuti akamwere kunyumba, ine wapansi ndinamwa zanga zonse pomwepo, nde ulendo wa ku Ardbeg ndinauyenda mosamala, ndikupuma pa mpanda uliwonse. Ndinangodya sangweji kumeneko nkukwera kabasi kobwerera.

Lachinayi, Bowmore

Mutu uli bwino, miyendo ndiyo ikudandaula. Mabasi a pachilumba ndi ochepa, ukaphonya imodzi udikira nthawi yaitali, nde ndinafika pa siteji msanga nkumazizidwa. Anthu onse pachilumba pano ndi 3,000 ndi kanthu basi, koma mafakitale a wisiki akuyandikira khumi kapena kupitirira, ndipo mu basi theka la anthu anavala majekete a fakitale iyi kapena iyo.

Bowmore ndi katauni kokongola, msewu waukulu wotsetsereka kuchoka pa tchalitchi chozungulira cha 1767 mpaka kunyanja. Fakitale yake ndi ya 1779, yakale kuposa zonse pachilumba. Chomwe chandisangalatsa nchakuti nyumba ina yomwe kale inali yosungira migolo anaipereka kwa anthu a m'tauni nkukhala dziwe losambira, ndipo madzi ake amafunda ndi kutentha kotsala ku fakitale. Ndinaona ana a sukulu akutulukamo tsitsi lili nyowe.

No. 1 Vaults ndi chipinda chomwe mbali ina ili pansi pa mlingo wa nyanja, khoma lake lakunja mafunde a Loch Indaal amalimenya mphepo ikakula. Mdima, chinyezi, makoma akuda ndi nkhungu. Apa mpamene ndinatulutsa nkhani ya bambo wa lole uja. Ndinafunsa mtsikana wotiperekeza kuti achemwali, kamchere kamene timamva mu wisiki wa kuno kamachokera ku mpweya wa nyanja wolowa mu mgolo, nanga bwanji yemwe amakakalambira kumtunda nayenso amamveka mchere. Anaseka, anati funso limeneli limayambanitsa anthu m'mabala a pachilumba. Ena amalumbira kuti ndi nyanja, ena amati ndi peat wa kuno yemwe ndi wosiyana ndi wa kumtunda poti mulibe mitengo yambiri, ndi ndere ndi tizomera ta m'dambo. Ine ndaima ndi a peat, ngakhale kuti utaima mchipinda chimenechi, ukumva mafunde kuseri kwa khoma, umafuna kuti a nyanja akhale olondola.

Bowmore utsi wake ndi wapakati, sufika kwa a kummwera aja, Laphroaig ndi Lagavulin, nde ukalamba umaoneka msanga. Wa zaka 12 ndi uchi, ndimu ndi kautsi. Wa zaka 15, yemwe amamalizira mu migolo ya sherry, ndi chokoleti chakuda ndi mphesa zouma, wolemera. Koma wa zaka 18 anandidzidzimutsa, pansi pa utsi munali zipatso zakupsa, mango, ndinanunkhizanso kawiri kuti mwina mphuno ikundinamiza poti ndasowa kwathu, koma mtsikana uja anati ayi mwamva bwino, Bowmore wakale amadziwika nazo, makamaka wotchezedwa m'zaka za m'ma 1960 yemwe lero mtengo wake ndi wa nyumba. Barele, madzi, yisiti, pachilumba pomwe mtengo wa mango sungamere, koma mpweya ndi thabwa pa zaka zambiri zimapanga fungo limeneli. Ichi chokha chinandikwanira tsiku lonse.

Madzulo ndinayenda kutsata gombe kulowera ku Bridgend kukaona atsekwe omwe amabwera mwezi uno kuchokera ku Greenland, masauzande, phokoso lawo ngati agalu akutali. Mdima unagwa msanga kuposa mmene ndimayembekezera ndipo basi yomaliza inali itapita. Msewu wopanda magetsi, foni yatsala pang'ono kuzima, ndinachita mantha enieni. Galimoto yachiwiri yomwe inadutsa inaima yokha, mlimi wa nkhosa, galu pampando wakutsogolo anamusamutsira kumbuyo. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anati mpingo wawo unkasonkha ndalama za sukulu ina kumpoto kwathu, anafunsa za Livingstonia ngati anafikako. Anandisiya pakhomo penipeni pomwe kwawo kunali njira ina, ndalama ya mafuta anakana mpaka kukwiya.

Lachisanu, Port Ellen

Ndimayenera kubwerera lero koma sitima zonse zaimitsidwa, mphepo yakula usiku. Ndayimbira kuntchito, ndasintha shifiti ndi mnzanga wa ku Zimbabwe, ndawerenga ndalama zotsala, sizikusangalatsa. Mayi a nyumba anati chipinda chilipo, usiku wa lero mulipire theka, mphepo si mlandu wanu. Mu shopu mashelefu a buledi ndi mkaka ayamba kale kuchepa poti zonse zimabwera pa sitima yomweyo.

Tsiku lonse ndakhala pa zenera. Madzulo amuna awo a mayiwa, agogo a zaka za m'ma 70 omwe masiku onsewa amangondipatsa moni nkubwerera ku wailesi yawo, anandiitana kukhitchini. Anatulutsa botolo lopanda chizindikiro cha shopu, mphatso ya mnzawo, ndi matambula awiri ang'onoang'ono. Ndipamene ndinadziwa kuti ali mnyamata ankagubuduza migolo pa fakitale ya Port Ellen, yomwe inatsekedwa mu 1983. Nthawi imeneyo wisiki anachuluka dziko lonse la Scotland, ogula kulibe, makamaka wa utsi ankangofunika pang'ono wosakanizira ena, nde mafakitale ambiri anatsekedwa chaka chimenecho, Ardbeg nayo inali itagona. Anyamata ambiri anachoka pachilumba kukasaka ntchito ku Glasgow.

Migolo yomwe inatsala inangokhala mumdima, poti panalibe woifuna. Patapita zaka pafupifupi 20 eni ake anayamba kuitulutsa pang'onopang'ono, anthu atalawa anapenga nayo, lero botolo limodzi la Port Ellen wakale ndi mapaundi masauzande, ndipo fakitaleyo anaimanganso nkuitsegula mu 2024. Agogowo akuti mowa umenewo ali mnyamata ankauona wamba, waukali, wosayenera kumwa pawokha, palibe mmodzi mwa iwo ankaganiza kuti ungasanduke chomwe unasanduka. Ndinawafunsa kuti agogo, munalawako wa zaka 30 kapena 40 umene anthu akulimbiranawu. Anati kamodzi, pa mwambo wina, kadontho. Nanga unali bwanji. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anati unali wofewa kwambiri moti sanauzindikire, anachita kufunafuna utsi womwe ankaudziwa, anaupeza pansi penipeni.

Sanalankhule mowawidwa mtima, koma ine zinandikhudza, poti manja omwe anadzaza migolo imeneyo sangakwanitse kugula zomwe zinatulukamo, ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira kuthirira ena chomwe iwe sungalawe. Za mu botolo lawo lija sanandiuze zaka zake, anati ndinene ndekha. Utsi unali wofatsa, panali sera ndi maapozi ophika, kumapeto kouma koma kosawawa. Ndinati pakati pa 15 ndi 20. Anangogwedeza mutu nkundithiriranso kachiwiri, ndipo anandiphunzitsa kusiya tambula yopanda kanthu kwa kanthawi nkuinunkhizanso, poti mowa ukauluka zotsalira pagalasi ndi zomwe thabwa linapereka zokhazokha. Tinacheza mpaka mayi anabwera kudzazimitsa nyale.

Loweruka, pa sitima

Mphepo yagwa, sitima yoyamba yadzaza ndi onse omwe anatsakamira dzulo, malole ali mzere mpaka kumsewu. Apansi sitivutika malo. Mayi andilongezera masikono ndi tchizi mu pepala.

Botolo lalikulu la Lagavulin 16 likudutsa £70, nditalipira usiku wowonjezera uja sizikanatheka, nde ndagula kakang'ono ka 20cl. Mnzanga yemwe tinkagwira naye pa bala ku Mangochi akadali komweko, tamvana kuti ndikamupatsira wina wopita kumudzi mu Disembala, ndipo ndamulembera kale malangizo pa foni, asathire kokakola, asathire ayezi, madzi madontho atatu, adikire kaye asanameze. Wayankha kuti toti yoyamba amwa ndi bambo ake.

Nyanja lero ili bata, makaroni ndadya onse. Woyendetsa basi pa Kennacraig akuti pa Rest and Be Thankful miyala yagumuka ndi mvula ya dzulo, tidutsa msewu wakale wa asilikali wa mmunsi mwa chigwa, magalimoto mbali imodzi imodzi moperekezedwa, nde Glasgow tikafika mochedwa. Mawa ndili ndi shifiti ya 7 koloko mmawa ndipo yunifolomu sindinachape.